Tsiku Limene Azakhali Anatsogola

Mwana wanga wamkazi amafufuza za anthu othawa nkhondo. Atabwera kuno ku Lisasadzi pa tchuthi, tikusoka fodya m'chigafa, anandifunsa, "Amayi, kodi munthu amadziwa bwanji kuti nkhondo yatha?"

Ndinati, "Iwe, singano ili m'manja, uzisoka." Koma mtima unali utapita kale kwa azakhali.

Sanali azakhali a magazi ayi. Anathawa nkhondo ku Mozambiki n'kudzagwira utenanti pa esiteti ina ndi amuna awo. Amunawo atamwalira, mayi anga anawatenga n'kuwapatsa kanyumba kuseri kwa nkhokwe. Mtendere utabwera kwawoko, anzawo anakwera malole kubwerera. Iwo anakana, amvekere, "Ndikapeza yani?"

Anali ndi kayendedwe kawokawo. Sankatsogola. Kaya kudimba, kaya kutchalitchi, ankabwera pambuyo, maso pansi, kuponda ndendende pamene mnzawo waponda. Kudutsa pa tsala sankafuna n'komwe. Ine ndi phuma langali zinkanditopetsa. "Azakhali, kuno ndi ku Kasungu, pansi apa pali chiswe basi." Ankangoseka n'kunena kuti, "Tsogola, mwana wanga." Mayi ndiwo anandinong'oneza kuti kwawo ku Mozambiki mwana wamwamuna wa azakhali anatsogola tsiku lina panjira ya kumunda, n'kuponda bomba lokwirira. Chimvereni zimenezo, ndinkaponda pafupipafupi kuti asavutike ponditsatira.

Chaka china, nthawi ya nazale, tinali kudambo kuthirira mbande za fodya. Kamwana kanga, kongoyamba kumene kuyenda, ndinakasiya pachitenje pamthunzi, ine n'kuwerama kuzula udzu. Azakhali ndiwo anakaona kali dzandidzandi kulunjika kuchitsime chosavindikira. Pakati pa iwo ndi chitsimecho panali tsala la udzu wofika m'mawondo, ndipo kuzungulira njira kukanachedwetsa.

Ndinangomva kheni yothirira ikugwa. Poweramuka ndinaona azakhali ali pakati pa tsala, liwiro la mtondo wadooka, mpango utagwa, opanda wowatsogolera. Anakagwira kamwendo pakamwa penipeni pa chitsime.

Nditafika ndinawapeza atakhala pansi, mwana pachifuwa. Sanandiyang'ane. Maso awo anali m'mbuyo, pa udzu umene anaugonetsa okha.

"Ndadutsa apo ine?" anandifunsa.

"Inde, azakhali."

"Palibe chaphulika?"

"Palibe."

Analira, inenso ndinalira, kamwanako n'kumangowakoka tsitsi. Pobwerera kunyumba anakabereka kumbuyo, n'kuyamba ulendo osandidikira. Ndinatola makheni, ndinawatsatira.

Azakhali anatisiya kalekale, agona m'manda a kwathu pafupi ndi mayi anga. Ndimawasowa kwambiri.

Nditamaliza kufotokoza, mwana wanga anali atasiya singano. "Kamwanako ndinali ine?"

"Unali iwe, wosamva kuyambira kale."

Kenako anati, "Mawa mukandionetse tsalalo."

"Pano ndi munda wa soya," ndinamuuza. "Koma tipita. Utsogole iweyo."