Mvunguti wa bambo ausenda khungwa

Mwaswera bwanji nonse.

Lero pochokera kumunda wa mpunga ndapeza mvunguti wa maluwa ofiira uja, umene anabzala malemu bambo kuno ku Kanyenda, atausenda khungwa kuzungulira thunthu lonse.

Mayi Asiyatu oyandikana nafe avomera okha. Mwana wawo watuluka zilonda thupi lonse, ndiye amafuna makungwawo awiritse, amusambitse. Akuti samadziwa kuti timasenda kum'mawa ndi kumadzulo kokha, monga ankachitira bambo, kuti mtengo usaume.

Ndamata dothi pabalapo, koma ndikukayika ngati uchire.

Achimwene a Yohane akuti tikawasumire. Ine mwanayo ndamuona ndi maso anga. Inu mukuti bwanji? Paja bambo sanam'manepo munthu mankhwala a mtengo umenewu.