A Mawaya Asanu, Chigumula Chathu Munachisiya Kuti?

A Mawaya Asanu, tulukani. Musabisale. Ndine Fatsani, woperekera zakudya pa loji ina ku Kande, amene ndinakuwa Lamlungu lija. Inde, ine ndemwe. Amene kunalibeko khalani pansi ndikuuzeni ndekha zimene oimbawa andichita, chifukwa mukamvera kwa ena athiramo mchere wambiri.

Kwa amene simuwadziwa, awa ndi anyamata asanu a ku Mzuzu oimba ndi makina. Laputopu, kiyibodi, gitala ya besi, ng'oma zamagetsi, masipika aatali kuposa ine. Saimba mawu. Nyimbo imodzi imatha mphindi makumi anayi, ndipo momwe aimbira lero si momwe adzaimbire mawa. Koma pa zaka zinayi zimene ndawatsata pali chinthu chimodzi chimene sichinasinthepo. Nyimbo ikakwera n'kukwera, amazimitsa zonse. Zii. Ife timawerenga chamumtima mpaka eyiti. Pa naini phokoso limagwa ngati denga, mchenga umanjenjemera, aliyense m'mwamba. Timachitcha Chigumula. Pa Chigumula ukhoza kutukwana bwana wako ali pomwepo, sangamve, pokhapokha utamukuwira m'khutu mwenimweni.

Tsono pali Tiwonge. Ndi telala pa Chintheche, kwawo ndi ku Bandawe. Tinadziwana zaka ziwiri zapitazo pa Chigumula pomwepo atandiponda chala. Ndimamukonda mtsikanayu, ndipo sindichita manyazi kulemba. Kulemba ndiye ndimatha. Vuto ndi pakamwa. Pakakhala chete lilime langa limauma. Kawiri konse ndinapita ku shopu kwake nditamanga mtima kuti lero ndinena za banja. Ulendo woyamba ndinabwerako nditasinthitsa zipi ya thalauza yomwe inalibe vuto lililonse. Wachiwiri ndinamufunsa ngati ulusi wakuda umasuluka. Kuwonjezera apo, amandiuza za asibweni ake, ndiye kuti amalume, mkulu wa mpingo amene anabweza kale amuna awiri. Ine ndinali nditawaonapo kamodzi kokha, chapatali, atavala suti.

Ndiye nditaona chipepala pa mtengo wa mango pa siteji ya minibasi chonena kuti Mawaya Asanu adzaimba Lamlungu masana pa loji ina m'mbali mwa nyanja, nzeru inandibwerera. Ndidzamufunsa pa Chigumula. Pa naini, m'khutu, ndi mawu onse. Adzamva yekha, dziko lonse lili pakulumpha. Masabata atatu ndinayeserera m'chipinda chosungira ndiwo za masamba ku ntchito, foni ili kukhutu, kabichi akundiyang'ana. Mnzanga Chikondi, yemwe ndi khukhi wathu, anandipezamo tsiku lina n'kutseka chitseko mwakachetechete osafunsa kanthu.

Chipepala chinati 2 koloko. Ife tinafika 1:30, ine, Tiwonge ndi Chikondi. Pa geti K5,000 munthu mmodzi. Ndinafunsa, ndipo anthu andichitire umboni, ndinafunsa. Ndinati, "Achimwene, ndi zomwe zija eti?" Wa pa geti anati ndi zomwezo bwana, angokonzamo pang'ono. Pang'ono! Bambo inu, mukapita kometa n'kukuchotsani khutu, mudzati akonza pang'ono?

Titalowa ndinadabwa. Mipando ya pulasitiki yandandalikidwa ngati pa msonkhano wa makolo ku sukulu. Mipando? Kwa Mawaya? Akhalepo ndani? Koma anthu anakhalapo. Amayi achikulire ndi maambulera awo, ena asanavule n'komwe zovala za kutchalitchi. Azungu anayi atapinda miyendo pamchenga, maso ali chitsinzinire nyimbo isanayambe. Ife eni ake a Chigumula, amene tinabwera ndi nsapato zolumphira, tinaunjikana kumbuyo n'kumayang'anana.

Ndinapita ku bala kukafunsa kuti masipika aja ali kuti. Wogulitsa anandilozera tiwiri tating'ono, ngati mbaula. Anati lero akuluwo sakufunika. Ndinafunsa za laputopu. Anati iye amagulitsa zakumwa, za laputopu ndikafunse eni ake.

2 koloko inakwana, palibe. 3 koloko, palibe. Dzuwa likutiwotcha m'mitu. 3:40 ndi pomwe anatulukira, opanda nsapato, atavala malaya a chitenje ofanana ngati kwaya. Wa kiyibodi, amenenso ndi mtsogoleri wawo, ananyamula sansi. Wa ng'oma zamagetsi ananyamula chisekese. Mtsogoleriyo anagwira maikolofoni n'kunena kuti akhala miyezi isanu ndi umodzi akudzifunsa mafunso, ndipo apeza kuti makina anawatalikitsa ndi nthaka. Akuti tsopano abwerera ku mizu.

Chikondi anakuwa, "Mizu yake ya chinangwa kapena? Tiyatsireni makina!"

Anyamata ena amene anachita kubwera pa minibasi kuchokera pa boma anayamba kuimba mluzu. Mmodzi anavula malaya olembedwa dzina la gululi n'kupukutira mapazi. Mtsikana wina pafupi nafe anati iye wabwera kudzatuluka thukuta, osati kudzalapa. Koma kutsogolo amayi aja anawomba m'manja, ndipo mzungu mmodzi anagwira pamtima.

Nyimbo yoyamba inatha mphindi zinayi. Zinayi! Kale nthawi imeneyo amakhala akuyesa mawaya. Yachiwiri anaimba ndi mawu, za mvula. Chikondi anakhala pansi pamchenga n'kumadya mtedza mokwiya. Ine thukuta linali kamukamu, koma osati la kuvina. Ndinkangoganiza kuti masabata atatu aja apita pachabe, ndipo ndibwereranso ku ulusi wakuda. Tiwonge yekha ndiye ankagwedeza mapewa. Anati, "Koma sizoipa, a Fatsani." Ndinamukhululukira.

4:25 zinthu zinatembenuka. Sansi ija inayamba kanyimbo kamene aliyense wa ife amakadziwa ngakhale ali m'tulo, kamene kamatsogolera Chigumula. Chikondi anataya mtedza. Wa malaya uja anawatola n'kuvalanso, mchenga uli mbuu. Tinakankhana kupita kutsogolo, pakati pa mipando, amayi akutikalipira kuti tikuwatchinga. Ndinamugwira dzanja Tiwonge. Ndinati Mawaya ndi anthu, Mawaya sangatitaye.

Kenako kumbali kunatulukira azibambo khumi a malipenga. Makabudula oyera, masokosi ofika m'mawondo, mataye, zikho zoimbira zili pakamwa, ng'oma yaikulu ikugunda. Ndinene zoona, zinakoma. Zinakoma kwambiri. Nyimbo inakwera, fumbi linakwera, amayi aja anaimirira n'kuyamba nthungululu. Tiwonge anayamba kundikoka malaya. "A Fatsani, taonani uko! A Fatsani!" Ndinati dikira. Anandikokanso. Ndinati dikira kaye, mayi, ndili ndi mawu. Ine maso anali pa dzanja la mtsogoleri, chifukwa akalikweza ndiye kuti nthawi yakwana.

Analikweza. Zonse zinaima. Zii.

Ndinatsinzina. Wanu, thuu, fili. Ndinakoka mpweya wonse wa m'boma la Nkhata Bay. Sikisi, seveni, eyiti. Ndinaweramira kukhutu kwa Tiwonge, ndipo pa naini ndinatulutsa mawu amene ndinawasunga zaka ziwiri:

"TIWONGE, NDIKUFUNA NDIKUKWATIRE! ASIBWENI AKO SINDIKUWAOPA!"

Abale anga, Chigumula sichinabwere.

Palibe chinalira. Ngakhale chisekese. Mawu anga anayenda okha pamwamba pa mitu ya anthu, anakagunda khoma la bala n'kubwerera. Galu wina anauwa kuseri kwa khitchini. Nditatsegula maso ndinapeza anthu onse atembenuka. Anzanga olumpha aja anali atapinda mawondo kudikira phokoso, ndipo anauma momwemo. Tiwonge anagwira khutu ndi dzanja limodzi, linalo anatseka pakamwa, mapewa akugwedezeka.

Pa mzere wa malipenga, bambo wachitatu kuchokera kumanzere anachotsa chikho pakamwa pang'onopang'ono. Anakonza taye. Anayenda kupita pa maikolofoni, mtsogoleri wa Mawaya n'kuwapatsa njira. Tiwonge ananong'ona, "Ndimakuuzani ine. Asibweni."

Ndingawadziwe bwanji munthu ali mu kabudula? Ndiyankheni. Munthu ndinamuona kamodzi, mu suti, pa mtunda wa bwalo la mpira. Pa chipepala panu munalembapo kuti kudzakhala akulu a mpingo?

Asibweniwo anagogoda maikolofoni kawiri. "Ada amene sakundiopawo, tiwaone."

Anthu anapatuka ngati ndili ndi mphere. Chikondi, mnzanga wa zaka zisanu, anasuntha mapazi atatu n'kumayang'ana kumwamba.

"Kwanu n'kuti, ada?"

"Ku Ntcheu, bambo." Mawu anatuluka ngati a mwanapiye.

"Kwezani mawu. Mawu muli nawo, tawamva tonse."

"Ku Ntcheu!"

"Yewu. Tsono ku Ntcheuko mkazi mumafunsira ngati kondakitala akuitanira minibasi ya ku Dwangwa?"

Anthu anagwa nako kuseka. Mayi wina anagwetsa ambulera. Azungu aja anawomba m'manja poganiza kuti ndi mbali ya nyimbo.

Asibweni anadikira phokoso lithe. Anati kwawo kuno nkhani ya banja siyambira pamchenga, munthu amatuma thenga, thenga amafika pakhomo, amakhala pansi, amalankhula ndi ulemu. Anati yankho la mwana wawo sindilimva pa maikolofoni. Kenako anati, "Loweruka, 10 koloko m'mawa, ku Bandawe. Mubwere ndi thenga wanu. Mawu oyambawo adzanena ndi thenga. Achiwiriwo, osandiopa aja, mudzanena nokha, mukundiyang'ana." Anabwezera chikho pakamwa, ng'oma inagunda, nyimbo inapitirira ngati palibe chachitika.

Zitatha ndinapita kuseri kwa siteji. Ndinamupeza mtsogoleri akupukuta sansi yake ndi kansalu. Ndinamufunsa kuti Chigumula chili kuti. Anati anachichotsa. Akuti tsopano pamalo pake amasiya mphindi yathunthu ya chete kuti anthu amve mafunde. Mafunde! Achimwene, ine ndimagwira ntchito ku Kande. Mafunde ndimawamva ndikamanyamula mbale, ndikamachapa, ndikamagona. Ndingavale nsapato zatsopano kudzamvera mafunde? Ndinafunsa chifukwa chake sanatichenjeze. Anati luso silichenjeza. Kenako anandigwira paphewa n'kunena kuti chimene ndinachita ndi chinthu chokongola kwambiri chimene chachitikapo pa mphindi yawo ya chete, ndipo anapempha ngati angagwiritse ntchito mawu anga mu nyimbo yatsopano, poti zonse anajambula. Ndikukaniza pano pagulu. Mukayerekeza, tikumana.

Ine ndi Tiwonge tinayenda kupita ku msewu. Aliyense wotidutsa pa njinga ankakuwa kuti "Sindikuwaopa!" Titafika pa tala anaima, n'kupukuta misozi ya kuseka ndi nsonga ya chitenje.

"Khutu langa likulira mpaka pano," anatero.

"Pepa."

"Musapepese. Ine ndavomera. Ndinavomera kalekale, inu ndi amene mumachedwa." Kenako nkhope inasintha. "Koma a Fatsani, Chintheche yonse yamva kuti ndafunsiridwa. Loweruka mukapanda kufika, ine pa shopu paja sindikhalanso. Mwamva?"

Wavomera! Anthu inu, wavomera! Ndinalumpha pamsewu pomwepo popanda sipika ngakhale imodzi, mpaka minibasi inaima poganiza kuti ndikufuna kukwera. Kuyambira Lamlungu ndikungoseka ndekha. Lolemba ndinapatsa mlendo supu ndi foloko. Alendo ena afika pondipempha kuti ndikuwe ajambule. Bwana akandiona amafunsa ngati iwonso sindiwaopa.

Koma chimwemwe changa chisakupusitseni, a Mawaya, mlandu wanu ulipobe. Ndikufuna mayankho. Ndani anakuuzani kuti tatopa ndi makina? Munafunsa ndani? Bwanji simunalembe pa chipepala ndi zilembo zazikulu kuti CHIGUMULA KULIBE? Ndipo wa pa geti uja, pang'ono wake amayeza ndi chiyani? Anzanga amene mukukawaonera ku Mzuzu, ndakuchenjezani. Akakweza dzanja, tsekani pakamwa. Ngati muli ndi chinsinsi, chisiyeni kunyumba. Ndipo aliyense wovala kabudula woyera mumuyang'anitsitse kumaso.

Lero ndi Lachinayi. Amalume anga akwera basi mawa m'mawa kuchokera ku Ntcheu, ndipo pa foni anangofunsa kuti, "Unatinso chiyani za mkuluyo?" Thenga tamupeza, mphunzitsi wina wopuma wa ku Kande, yemwe atamva nkhani yonse anapempha madzi akumwa. Malaya ndasita kawiri. Ku Bandawe kulibe sipika yoti ndibisalemo. Kudzakhala mpando, ine, ndi bambo aja akundiyang'ana.

Ndiye poti ndayamba kunena zoona pagulu, ndimalize. Asibweni, ngati wina akukuwerengerani izi, ndinanama. Ndimakuopani. Ndimakuopani kwambiri, moti chakudya sichikulowa. Koma Loweruka 9:30 mudzandipeza nditaima pakhomo panu.