Dona Zuleide Amangitsa Genivaldo

Dona Zuleide ndinawadziwa pamene ndinkasoka matumba a mathalauza a jinzi m'shedi yawo, kuseri kwa nyumba, kuno ku Toritama. Makina analipo asanu ndi anayi. Oyamba anagula iwowo atagulitsa ng'ombe imene bambo awo anawasiyira, koma pachikwangwani cha pageti panali dzina la mwamuna wawo, Genivaldo. Iye ntchito yake inali kutenga mabelo kupita nawo kumsika wa ku Santa Cruz ndi kunyengerera ogula, ndipo pakamwa anali napo ndithu. Mayiwo ankakhala pamakina kuyambira m'mamawa, manja ali bii ndi utoto wa nsalu. Chinangwa ndi nyama yofutsa ankadyera pomwepo, mbale ili pamiyendo.

Zinatha choncho zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kenako matenda a shuga anawalowa m'maso. Anayamba kuphonya msoko, singano inawabaya chala chimodzimodzi kawiri, mpaka anasiya kusoka. Chaka chisanathe, Genivaldo anasamukira kwa mayi wina wogulitsa zipi ndi mabatani ku Caruaru. Tsiku lina lole inabwera kudzatenga makina ife tikuona, ati akukakonzedwa. Pofika tsiku la mlandu wothetsa banja, makina onse anali m'dzina la mng'ono wake, ndipo Genivaldo anauza woweruza kuti iye ndi waganyu chabe.

Woweruza analamula kuti aziwapatsa mayiwo ndalama zokwana mareyali 900 mwezi uliwonse, poti sakanathanso kugwira ntchito. Anapereka miyezi itatu. Wachinayi anatumiza theka ndi uthenga woti msika wavuta. Kenako zii.

Ine ndinali nditapeza ntchito pashedi ina, koma nyumba zathu n'zoyandikana, choncho ndinkawaperekeza ku ofesi ya maloya a boma othandiza osauka. Paokha sakanadutsa msewu, njinga zamoto ankangozimva phokoso. Loya wawo, mayi wooneka wotopa dzina lake Marlúcia, anafufuza muakaunti ya Genivaldo kubanki n'kupeza kuti mulibe kanthu. Galimoto inali m'dzina la mkazi watsopano. Anawauza kuti yatsala njira imodzi: kupempha woweruza kuti munthuyo atsekeredwe mpaka alipire. Dona Zuleide anakana. Anati bambo wa ana awo sangamuonetse ndende.

Anakana miyezi yambiri. Magetsi anawadulira, mankhwala awo obaya tinkasunga m'filiji yanga. Dokotala wa kuchipatala cha boma anati maso akufunika chithandizo msanga, koma mndandanda wa odikira unali wautali, ndipo ku Recife, kwa olipiritsa, ankafuna ndalama zimene mayiwo analibe.

Lolemba lina anandipempha kuti ndipite nawo ku Santa Cruz. Genivaldo tinamupeza pabenchi yake, mathalauza ataunjikana mpaka m'mapewa, anyamata awiri akumuthandiza kulongedza. Anatilonjera mokweza kuti anzake amve, n'kufunsa ngati tabwera kudzagula. Mayiwo anamuuza modekha kuti diso lakumanzere latsala pang'ono kuzima.

"Ndiye ine ndine dokotala?" anatero iye. "Ndamva kuti ukufuna kundimangitsa, Zuleide. Ndimangitse. Ndalamazo ndizikazisoka m'ndendemo."

Anzake anaseka. Mayiwo anandikoka mkono, tinachokapo. M'basi pobwerera anangondifunsa ngati Marlúcia amapezeka Lachiwiri.

Anasaina pempho lija, ndipo patatha miyezi iwiri apolisi anamutenga Genivaldo pabenchi pomwepo, ogula akuona. Madzulo ake kunabwera mwana wawo wamwamuna, Josenildo, amene amayendetsa galimoto ya bambo ake. Sanakhale pansi. Anaima pakhomo n'kunena kuti amayi ake amangitsa bambo ake ngati mbava, ndipo tauni yonse ikumuloza chala iye. Mayiwo anamufunsa ngati akudziwa kuti m'nyumbamo mulibe magetsi kuyambira mwezi wa Meyi. Iye anati zimenezo akanakambirana pachibale. Mwana wamkazi, Rosineide, amene ali ku São Paulo, anangosiya kuimba foni.

Tsiku lachisanu chimangidwire, Marlúcia anaimba: ndalama zalowa, mareyali 8,100, ndipo Genivaldo watuluka. Dona Zuleide anapumira m'mwamba, anati ankadziwa kuti munthuyo ndalama ali nazo. Anali nazodi, koma zimene zinalowazo sizinali zake. Mphekesera inatipeza sabata yomweyo. Genivaldo anali atalumbira kuti bola akhale masiku onse makumi atatu amene woweruza analamula kusiyana n'kupereka, ndipo mng'ono wake anapita kumudzi kukalira kwa mayi awo, Dona Cícera, gogo wa zaka makumi asanu ndi atatu. Gogoyo anagulitsa mbuzi zake zonse, n'kutenga ngongole yoti azimudula papenshoni kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Apongozi amenewa Dona Zuleide anawasamalirapo zaka ziwiri atathyoka m'chiuno, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza pabedi. Atamva nkhaniyi sanadye tsiku lonse. M'mawa mwake anakatapa ndalama zonse, anaziika m'kachikwama, tinakwera galimoto ya matola kupita kumudziko.

Tinapeza gogoyo ali pakhonde, khola lili pululu. Sanatipatse mpando. Dona Zuleide anagwada pafupi, anawaikira kachikwamako pamiyendo, n'kunena kuti sanadziwe kuti zifika kwa iwo. Gogoyo anakakankha pang'onopang'ono.

"Tenga, mwanawe, ndi zako. Ndikudziwa zimene anakuchita. Ndinamubereka ndine, ndilipire ndine." Kenako anati, "Koma pano usadzabwerenso. Ndikakuona ndimaona mwana wanga ali m'chitolokosi."

Dona Zuleide anatola kachikwama kaja. Njira yonse yobwerera anakafumbata ndi manja awiri.

Ku Recife tinapita mwezi wotsatira. Dokotala atawayeza anati diso lakumanzere linatha kale, akanabwera miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo mwina akanalipulumutsa. Lakumanja analithandiza pang'ono, moti amatha kusiyanitsa chitseko ndi khoma. Ndi ndalama zotsala mayiwo analipira magetsi ndi ngongole ya kugolosale.

Genivaldo, ndende itamuopsa, analipira miyezi inayi motsatizana, kenako anayambanso kudumphitsa. Dona Cícera anamwalira chaka chotsatira, nthawi ya mvula. Palibe wa kubanjako anabwera kudzanena. Tinamva kwa woyendetsa matola, maliro ataikidwa kale. Dona Zuleide anapempha wansembe kuti awachitire Misa ya tsiku lachisanu ndi chiwiri chimwalirire gogoyo kuno kwathu, ndipo m'tchalitchimo tinalimo anthu anayi.

Masiku ano amakhala pakhonde ndi kalumo, akudula tiulusi totsalira pa mathalauza a mashedi a anthu ena. Ntchitoyi safunikira maso, zala zimapeza zokha. Amalandira masentavo ochepa pa thalauza lililonse, ndipo pakutha pa sabata zimakwana nyemba ndi ufa wa chinangwa. Josenildo akamadutsa pagalimoto amaliza hutala, osaima.

Mwezi wathawu inakwananso miyezi itatu Genivaldo osapereka kalikonse. Marlúcia anawafunsa ngati akufuna kupemphanso zomutsekera, ndipo anawachenjeza kuti ana awo mwina sadzawakhululukira kachiwiri. Dona Zuleide anafunsa ngati kumudzi kuja kwatsala wina aliyense woti angagulitse kanthu. Ndinawauza kuti kulibe, nyumba ya gogo ija inatsekedwa.

"Ndiye ndigwire dzanja, Edilene," anatero kwa ine. "Undiike pamene pali mzere."

Anasaina. Pepalalo lili kwa woweruza, ndipo akuti yankho lingatenge miyezi iwiri kapena itatu.