Mphini za ku Entumbane

Dzinja limenelo limandinunkhirabe mizu yopserera. Tinkakhala ku Entumbane, komboni ya kudziko la Andebele kumene makolo anga anasamukira, ufulu wa dzikolo utangobwera kumene, ndipo asilikali amene ankamenyera ufuluwo kutchire anawamangira misasa kuseri kwa nyumba zathu, mfuti zili m'manja. Azimayi ankaanula zovala zisanaume. Ngakhale ogulitsa matimati anasiya kukuwa mumsewu.

Amayi anati iwo sangangopinda manja kudikira chipolopolo. Anawotcha mizu pachivundikiro cha chitini monga ankachitira kwawo ku Dedza, natenga lezala yometera ya Baba. Ana anayi tonse anatitemera mphini zitatuzitatu pamwendo, n'kutikitamo makala aja. Ine ndinali womaliza, lezala itabuntha kale, ndipo mankhwala anathera pa ine, Baba asanatemeredwe. Baba anangoseka.

"Ine mgodi unandilephera, mayi a Esinati. Atetezeni anawa basi."

Sabata isanathe mwendo wanga unayamba kutentha. Mphechepeche munatuluka mwanabele wonga dzira la nkhunda, ndipo mzere wofiira unkakwera kuchokera pamphini paja. Amayi ankandithowa ndi mthiko wotentha m'mawa ndi madzulo, koma ayi ndithu. Ndinkaopa kwambiri, makamaka poona kuti iwonso asiya kundikalipira. Tsiku limene ndinayamba kubwebweta ndi lomwenso mfuti zinayamba kulira.

Anansi onse anali pansi pa mabedi. Baba anandimangirira kumsana ndi chitenje ngati khanda, nakwera njinga. Ndimakumbukira thukuta lawo patsaya langa, utsi wa matayala, ndi nsapato imodzi ili yokha pakati pa msewu.

Kuchipatala namwino wina wachindebele anandibaya jakisoni, uku akuwafotokozera Baba pang'onopang'ono. Anati m'thupi muli tialonda tosaoneka ndi maso, timene timameza chachilendo chilichonse cholowa m'mnofu, kaya ndi tizilombo kaya ndi makala. Chotupacho ndi pamene tasonkhana kumenya nkhondo, koma tachepekedwa.

"Mukanachedwa tsiku limodzi, baba, mwendowu tikanadula. Mntwana agone kuno."

Baba anandisisita pamutu, nati akukauza Amayi kuti ndili moyo. Kunyumba sanafike. Anawapeza patapita masiku awiri m'mbali mwa ngalande, njinga ili pambali pawo, chitenje chija chili m'khosi.

Kwa zaka zambiri ndinkanyadira mphini zanga. Ndinkati mankhwala a Amayi anagwira ntchito, chifukwa zipolopolo zinandilambalala ine n'kukapeza yekhayo amene sanatemeredwe. Mlandu wanga ndinkauona umodzi wokha, woti ndinawamalizira Baba mankhwala. Ndinali wamkulu kale pamene ndinazindikira chimene chinawatulutsa m'nyumba tsiku limenelo.

Timizere titatu takuda tidakalipo, pakuti tialonda tija tikameza makala sitilavula. Amayi anakhala zaka zina makumi awiri. Ankandiluka tsitsi, anandisambitsira ana anga onse, koma mwendo umenewo sanauyang'anenso.