Funso lanu pa sikirini yakuda

Kuno ku Kapata kwacha ndi chifunga. Achimwene, lero chakwana chaka chimwalirireni inu. Kompyuta yanu yakusitudiyo yadzaza, ndiye ndalemba pa sikirini yakuda mawu aja ofufuzira zithunzi zobwerezabwereza. Tsiku lomwe munkandiphunzitsa munagwira chala changa n'kuti, "Chithunzi chilichonse chili ndi nambala yake yaitali. Nambala zikafanana, n'chimodzimodzi."

Kompyuta yapeza zithunzi ziwiri zofanana za nkhope yanu. Kenako patuluka mawu amene munaikamo kale: "Enelesi, ndifufute chimodzi? Usaope, chinzake chitsala." Kamzere koyera kakungophethira, kudikira yankho, ndipo ine sindinayankhebe. Inuyo munali mmodzi yekha, ndipo palibe anatifunsa.

Lachitatu, 7 koloko m'mawa.