Makatani Ofiira a Atelala

Timu ya mderalo ikapambana, atelala sankapuma. Anyamata ankadzaza khonde la shopu yawo kufuna mbendera zofiira. Ikangogonja, mbendera zomwezo zinkagona m'ngalande, ndipo atelala ankazitola, kuzichapa, n'kuzisunga pansi pa makina.

Kutchalitchi kwawo nakonso anthu anali atachepa chibwerereni mneneri wina ndi zokuzira mawu zake tsidya la msewu. Abusa anati mwezi ukatha mabenchi akadali choncho, atseka.

"Apongozi, timu yanu ya Lamlunguyi yatuluka mu ligi," anaseka mkamwini wawo. "Samukani basi."

"Bambo, ine sindinatsate zigoli," anayankha atelala, ulusi uli kukamwa. "Ndinalowa muja denga likudontha."

Analumikiza mbendera zotayidwa zija n'kusoka makatani. Lamlungu lomaliza la mweziwo analawirira kukawapachika m'mazenera a tchalitchi, nakhala pamalo pawo pafupi ndi zenera. Dzuwa litakwera, kufiira kunayenda pang'onopang'ono pa mabenchi opanda anthu, ngati abale akubwerera mmodzimmodzi. Abusa anaima pakhomo, loko ali m'manja. Atelala anayambitsa nyimbo osatembenuka. Pofika ndime yachiwiri, abusa anali ataponya lokoyo m'thumba, akuimba nawo.