Mendulo ya Amayi m'Mawaipa

Moni nonse.

Ndiloleni ndikonze zimene walemba m'bale wathu Tereza. Galimoto yakale ya malemu Bambo sinafe ayi. Chomwe chaima pa Namadzi, mvula ili mkati, ndi mawaipa okha.

Makaniko atatsegula kamota kake, apeza kuti beyaling'i ikugwedera. Chimene chinkaigwira zaka zonsezi ndi mendulo ya Maria Woyera, yosulidwa ndi hamala n'kupanikizidwa m'mbali mwake.

Nditawaonetsa Amayi, aiyang'anitsitsa nati, "Iyitu ndi yanga. Ndinawapatsa bambo anu tili pachitomero, dziko likadali Nyasaland. Ankati inatayika, abodza aja!" Aseka, kenaka agwetsa misozi.

Makaniko akuti popanda mendulo mawaipa sayenda, pomwe mawa tikuwatengera Amayi kuchipatala pa galimoto yomweyi. Koma Amayi aifumbata, sakuisiya. Abale, ndani alimbe mtima kukaipempha?